Mizere Yachikasu pa Mabuleki a Chule

1. Chule abwera ndi mawu achilendo

Galimotoyo ankaitchula kuti Chule. Dzinali analipereka ndi amayi tsiku limene inalowa pakhomo chokokedwa ndi chingwe. Inali ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri, yonyonyomala pansi, nyali zake zotong'oka.

"Achimwene, mwatibweretsera chule wachitsulo?" amayi anafunsa mlongo wawo tsiku limenelo, ndipo dzina linakanirira.

Mwini wake anali mlongo wawoyo, amalume, amene anagwira ntchito ya umakaniko mpaka maso awo atachita chidima. Ataona kuti sangayendetsenso, anapereka Chule kwa ana awiri a mlongo wawo. Wamkulu anali mnyamata amene onse ankamutchula kuti Changu, chifukwa ngakhale tiyi ankamwa ataimirira. Wamng'ono anali mtsikana wa kusekondale, Kanyerere. Dzinali analipeza chifukwa chokonda kukwawira kunsi kwa galimoto.

Awiriwa anakonza Chule ndi manja awo m'shedi ya kuseri kwa nyumba, amalume atakhala pampando n'kumawalangiza. M'shedimo munali lamulo. Bawuti iliyonse ikamangidwa bwino, ankaijambula kamzere ka penti wachikasu, kuchokera pamutu pake kufika pachitsulo chimene yagwira. Bawuti ikamasuka, kapena wina akaikhudza ndi sipanala, kamzereko kankaduka pakati.

"Bawuti ilibe pakamwa," amalume ankatero. "Mzerewu ndiye pakamwa pake."

Wojambula mizereyo anali Kanyerere.

Sabata ina Chule sanagone pakhomo. Changu anapita naye kugalaja ya mnzake wina wotchedwa Chimphepo, amene ankasintha magalimoto a anyamata kuti azioneka aukali. Lachisanu masana Chule anabwerera akubangula moti nkhuku za aneba zinabalalika. Anali ndi matayala otambalala ovekedwa pa malimu achitsulo onyezimira, ndipo kumbuyo kunali chimpope cha utsi chachikulu ngati ndowa.

Amalume anapendeketsa mutu pampando wawo.

"Ameneyu ndi Chule wathu, kapena wabwereka pakhosi pa ng'ombe?"

"Ndi yemweyo, amalume," anayankha Changu akuseka. "Chimphepo waika ekizozi yatsopano ndi matayala."

"Wakupatsa ulere?"

"Ndi mnzanga, amalume."

"Ndafunsa za ulere, iwe wandiyankha za ubwenzi."

Changu anaseka kachiwiri. Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Kanyerere, mawa kubwalo loyesera magalimoto tipita tonse. Tikafika, chiwongolero ndi chako. Ukazungulira bwalo lonse wekha."

Kanyerere anadumpha. Anali atayendetsapo Chule kuchokera m'shedi kufika pageti basi, ndipo tsiku limeneli analidikira kuyambira pamene anamanga bawuti yoyamba.

2. Mawu a amalume

Dzuwa lisanalowe amalume anaitana onse awiri. Anawauza kuti akhale pabenchi ya m'shedi.

"Ana inu, ine maso anapita, koma makutu ndikadali nawo," anayamba motero. "Ndamva mmene Chule akulirira, ndipo sindikuletsani kukometsa chinthu chanu. Galimoto ndi yanu. Koma mvetserani. Galimoto yothamanga imafuna zinthu ziwiri: mphamvu yopitira ndi mphamvu yoimira. Anyamata onse amene ndinawaona pantchito yanga ankabwera kudzafunsa yopitira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti, 'Bambo, ndikufuna galimoto yanga iziima msanga.' Koma ine amene ndinkakoka magalimoto awo m'maenje ndikudziwa chimene chinkawasowa.

"Msewu wopita kubwaloko mukuudziwa. Umatsika phiri mokhotakhota, ndipo kumunsi kuli mlatho wopapatiza. Pamenepo injini siikuthandiza. Matayala okongola sakuthandiza. Anthu okuombera m'manja amakhala atatsala kumtunda. Umatsala iwe, phazi lako ndi mabuleki.

"Chachiwiri ndi ichi. Galimoto ikagona kwa munthu wina, imakhala ngati mwana amene wachokera kuchilendo. Sumufunsa pamsewu kuti wadya chiyani. Umamulowetsa m'nyumba, n'kumuyang'ana bwinobwino m'maso ndi m'kamwa. Sindikunena kuti mnzakoyo ndi woipa, Changu. Sindimudziwa. Koma dzanja lachilendo likalowa kunsi kwa galimoto yako, diso lako lilowenso pambuyo pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Nyerere tili nayo kale pakhomo pano," anatero Changu akugwedeza phewa la mlongo wake.

Kanyerere anaseka. Amalume sanaseke.

"Ndiye ilowe kunsiko m'mawa musananyamuke," anatero.

"Palibe chifukwa, amalume. Chimphepo waona zonse."

"Ilowe," anabwereza amalume, n'kupapasa ndodo yawo.

3. Penti womata pachala

M'mawa mwake Kanyerere anavala ovololo yake yakale n'kutsegula shedi. Changu anali kubafa, akuimba mokweza. Amayi ankayanika zovala pachingwe.

Anaika miyala kumatayala akumbuyo, n'kukweza kutsogolo ndi jeke. Kenaka analowetsa zogwiriziza zachitsulo, poti amalume sankalola munthu kulowa kunsi kwa galimoto yodalira jeke yekha. Atatero anamasula tayala lakutsogolo, n'kuligubuduzira pambali.

Kuseri kwa tayalalo kunali chitsulo chimene chimapana gudumu munthu akaponda buleki. Amakaniko amachitchula kuti kalipa. Makalipa a Chule anali otuwa, aakulu, ndipo amalume ankawanyadira kuposa injini. Amene Kanyerere anawaona m'mawa umenewo anali ofiira psuu.

Anayang'ana mabawuti ake. Mizere yachikasu inalipo, yosaduka. Anapuma, n'kutambasula dzanja kuti atenge tayala. Kenaka anaima.

Kanyerere anali wamanzere, ndipo mizere yake yonse inkapendekera mbali imodzi. Iyi inapendekera mbali inayo.

Anakhudza mzere umodzi ndi chala. Penti anamata.

Anazungulira mbali inayo n'kumasulanso tayala. Zinali chimodzimodzi: kalipa wofiira, mizere yopendekera kwina, penti wosauma. Anakanda penti wofiira uja ndi chikhadabo, ndipo pansi pake panatuluka dzimbiri. M'munsi mwa kalipayo munali monyowa.

"Iwe! Ukuchita chiyani?"

Changu anali ataima pakhomo la shedi, thaulo lili m'khosi.

"Ndikuona mabuleki, achimwene, monga ananenera amalume."

"Matayala onse awiri? Kodi ukufuna tifike kubwalo anthu akuweruka?"

"Makalipawa si athu."

"Ndi athu. Chimphepo wangowapenta kuti azioneka bwino kuseri kwa malimu atsopanowa."

"Athu anali aakulu."

"Penti wofiira amachepetsa chinthu. Sunaphunzire kusukulu?"

"Nanga penti wachikasu amatenga miyezi ingati kuti aume?"

Anamuonetsa chala. Changu anachiyang'ana, kenaka anayang'ana kubwalo kumene amayi ankayanika zovala. Analowa m'shedi n'kukankha chitseko.

"Tamvera, mlongo wanga," anatsitsa mawu. "Ine ndayendetsa galimoto iyi dzulo kuchokera kugalaja. Yaima paliponse pamene ndaponda. Ukakawauza amalume za timadontho ta penti, atitsekera Chule mwezi wathunthu. Ukuwadziwa. Ndiye iwe udzayendetsa liti? Anzako onse wawauza kale kuti lero akakuonere. Bwezera matayala, ukasambe, tizipita. Zinazo tidzaona tikabwerako."

Kunja kwa geti kunamveka hutala, kawiri motalika.

"Ndi Chimphepo ameneyo. Tipitira limodzi. Fulumira."

Changu anatuluka. Kanyerere anatsala atagwada pakati pa matayala awiri, sipanala ili m'manja. Pamsomali wa pakhoma panapachikidwa chipewa cholimba chimene mchimwene wake anamubwerekera kuti akavale kubwalo. Anachiyang'ana kwa kanthawi. Kenaka anaika sipanala pansi, n'kupukuta manja onse kupatula chala chija.

4. Kanyerere alankhula

Amalume anali pakhonde, akuwothera dzuwa. Kanyerere anagwada pambali pa mpando wawo.

"Amalume, ndipatseni dzanja."

Anagunditsa chala chake pachikhatho chawo. Amalume anafikisa ndi chala chachikulu, n'kununkhiza.

"Penti. Wajambula chiyani m'mawa uno?"

"Sindinajambule kanthu. Ndamupeza pa mabawuti a mabuleki akutsogolo. Mizere si yanga. Makalipanso ndikuwakayikira."

"Ukuwakayikira kapena ukudziwa?"

"Mizere ndikudziwa. Makalipa ndikukayikira."

"Wayankha bwino. Ndigwire dzanja."

Changu anawaona akudutsa pabwalo ndipo anathamangira kutsogolo kwawo, malaya osamanga mabatani.

"Amalume, musavutike. Mwanayu ali ndi mantha basi. Waona kuti tsiku loyendetsa lafika, ndiye akufuna pothawira."

"Ndani ali ndi mantha?" anafunsa Kanyerere.

"Iweyo! Kanyerere kakaona msewu waukulu kamabwerera kuuna."

Amayi anasiya zovala m'beseni n'kubwera akupukuta manja.

"Kodi chule wanuyu wayambanso kulumitsa anthu?"

"Palibe nkhani, amayi," anatero Changu. "Tikuchedwa chabe."

"Ngati palibe nkhani, sitichedwa," anatero amalume. "Galimoto siinama. Tiifunse yokha."

Hutala inaliranso kunja. Amalume anatembenuzira khutu kugeti.

"Mnzakoyo bwanji osalowa? Pakhomo pano palibe galu."

"Ali pachangu, amalume."

"Onse a pachangu akumana lero," anatero amayi.

5. Galimoto iyankha

M'shedi amalume anagwada movutikira pafupi ndi gudumu. Anayendetsa zala zawo pakalipa pang'onopang'ono, pamwamba, m'mbali ndi pansi, monga mmene munthu amapapasira nkhope ya mwana mumdima. Anapempha kuti awaperekeze mbali inayo, ndipo anachitanso chimodzimodzi.

"Kanyerere, yala katoni pansi pa gudumu lililonse. Changu, lowa, uyatse injini."

Changu analowa mosafuna. Chule anabangula mpaka malata a shedi ananjenjemera.

"Ponda buleki!" anakuwa amalume. "Mwamphamvu, ngati waona mwana pamsewu. Usachotse phazi mpaka ndikuuze."

Kanyerere anaima pachitseko cha galimoto, maso ali paphazi la mchimwene wake. Poyamba phazilo linaima malo amodzi. Kenaka linayamba kutsika pang'onopang'ono, ngati likumira m'matope.

"Likutsika, amalume."

"Sindinachotse mphamvu ayi, ndi mmene..." Changu sanamalize. Phazi linafika pansi.

"Zimitsa."

Changu anazimitsa injini. Kenaka panamveka kaphokoso kakang'ono pakatoni: tho, tho, tho. Amayi anawerama n'kuona banga lonyowa likukula.

"Mayo ine," anatero chapansipansi, n'kugwira pachifuwa.

Amalume anakhala pabenchi.

"Amenewo ndi mafuta a mabuleki. Dzulo galimoto inaima chifukwa unkayenda pamalo athyathyathya, ukuponda pang'onopang'ono ngati mkwati. Paphiri paja ukanaponda koyamba, ikanamvera. Kachiwiri, ikanamvera monyinyirika. Pofika pamlatho phazi lako likanagunda pansi monga lachitira apa, mlongo wako ali pambali pako. Makalipa awa si amene ndinakupatsani. Awa ndi otoledwa kubwinja la magalimoto, n'kuwaveka malaya ofiira."

Changu anatuluka m'galimoto n'kumenya chitseko.

"Chimphepo wandibera! Mbala! Munthu ndimadya naye mbale imodzi! Ndimuonetsa ine lero!"

Anakuwa kwambiri moti aneba anasuzumira pampanda. Koma sanapite kugeti. Anangozungulirazungulira m'shedi momwemo, manja ali m'matumba.

Amalume anadikira mpaka phokoso litatha.

"Mwina wakuberadi," anatero mofatsa. "Ine sindinaone, ndiye sindimuweruza. Munthu sumutchula mbala chifukwa chakuti nkhope yake siikukusangalatsa. Koma pali chinthu chimodzi chimene chikundizunguza mutu. Ndakumana ndi mbala zambiri pantchito yanga. Mbala imamasula, imatenga, imabwezera chowola n'kuthawa. Sindinaonepo mbala imene ikamaliza kuba imakhala pansi n'kujambula timizere tachikasu. Mizere imeneyi si ya amakaniko onse. Ndi ya m'shedi muno. Ndiye mbala imeneyi inadziwa bwanji kuti pakhomo pano pali mtsikana amene amawerenga mizere? Anaiuza ndani?"

Changu analeka kuzungulirazungulira.

"Makiyi," anatero amalume, atatambasula dzanja.

Changu anawapereka ndi dzanja lamanzere. Lamanja linatsala m'thumba.

"Chule satuluka pageti mpaka makalipa ake atabwerera. Ndipo iwe Kanyerere, lero wataya tsiku lako. Ndikudziwa mmene unalidikirira. Usayembekeze kuti wina akuthokoza msanga. Munthu amene wamuletsa kugwa m'dzenje amayamba wakwiyira dzanja limene lamukoka. Koma bwalo lija silisamuka. Lidzakhalapo mwezi wamawa, ndipo inu nonse awiri mudzakhalaponso. Chimene ndimafuna ine n'chimenecho."

Kanyerere anagwedeza mutu. Anachotsa chipewa chija pamsomali n'kuchipereka kwa mchimwene wake.

"Mukabweze kwa eni ake, achimwene."

Changu anachilandira osamuyang'ana, n'kutuluka.

6. Pageti

Amayi anaperekeza amalume kukhonde. Kanyerere anatsala kuti alongedze zipangizo. Anapukuta masipanala n'kuwapachika pamisomali yawo, kenaka anatsegula kabati ya pakona kuti abwezere nsanza.

Kachitini ka penti wachikasu kanali pamalo pake, koma chivundikiro chinali chopendekeka. Kabulashi kanagonekedwa pambali osatsukidwa, tsitsi lake litayamba kuuma. Kanyerere sankasiya kabulashi chotero. Loko wa kabatiyo sanathyoledwe, ndipo kiyi wake ankabisidwa pamwamba pa mtanda wa denga, pamalo pamene ankapadziwa anthu a m'nyumbamo okha.

Anatseka kabati mwakachetechete n'kupita kugeti.

Kunja kunaima galimoto yakuda, yonyonyomala ngati Chule. Chimphepo anali atatsamira chitseko, magalasi akuda ali pamphumi, akutafuna kamtengo. Changu anaima naye pafupi. Sankakuwa. Ankalankhula motsitsa, mitu itagundana.

"Aa, amakaniko aakulu atulukira!" anatero Chimphepo atamuona. "Ndamva kuti mwagoneka Chule m'chipatala, achemwali. Matenda ake ndi otani?"

"Mukuwadziwa," anayankha Kanyerere.

"Ine? Ine ndimangochita zimene mwini galimoto wapempha. Sichoncho, Changu?"

Changu anayang'ana pansi.

Kanyerere sanawayang'anenso kumaso. Anayang'ana tayala lakutsogolo la galimoto yakudayo. Malimu ake anali a mipata ikuluikulu, ndipo kuseri kwake kunkaoneka kalipa wotuwa, wamkulu. Pachitsulo chake, pafupi ndi bawuti, panatsala theka la kamzere kachikasu kouma bwino. Kanali kopendekera kumanzere.

"Basi, zachitika," anatero Chimphepo akutsegula chitseko. "Tsiku lisaonongeke chifukwa cha ana. Kwera yangayi, Changu. Uyendetsa ndiwe. Mabuleki ake ndi abwino kwabasi."

Anaseka n'kuponya makiyi m'mwamba. Changu anatulutsa dzanja lamanja m'thumba n'kuwawakha. M'mbali mwa chikhadabo cha chala chake chachikulu munali penti wachikasu.

Anaona kuti mlongo wake waona. Anafumbata dzanjalo msanga.

"Achimwene," anatero Kanyerere.

"Tidzakamba ndikabwera."

"Munasinthanitsa mabuleki ndi matayala?"

"Ndati tidzakamba." Anayandikira. "Anandiuza kuti enawo ndi abwinobwino. Sindinadziwe kuti akudontha. Ukanakhala iwe m'galimoto muja... Chonde, mlongo wanga, amalume usawauze. Ndikonza ndekha."

"Mukonza popita naye kubwalo?"

Changu anatsegula pakamwa, koma Chimphepo anaimba hutala ali kale pampando winawo. Changu anayang'ana mlongo wake, anayang'ana galimoto, kenaka analowa. Galimoto yakuda inanyamuka n'kusiya fumbi pageti.

Kanyerere anakoka geti n'kulowetsa chitsulo chake. Atatembenuka anapeza amalume ataima pakati pa bwalo okha, atatsamira ndodo, nkhope italoza kumene kunamveka injini.

"Ndamva zitseko ziwiri zikutsekedwa," anatero. "Munthu amene waberedwa sakwera galimoto ya mbala. Bwera kuno, mwana wa mlongo wanga. Maso anga ndiwe. Tandiuza, waona chiyani pageti?"